Wozonda Matenda ndi Wozonda Dziko

Mu Epulo 2023, patangotha mwezi umodzi chitsikireni madzi ndi miyala ya namondwe wa Freddy kuchokera m'phiri, mnyamata wina wogwira ntchito kubungwe lina lothandiza anthu adandipeza kwathu kwa Nkhulambe ndikufukula zidina m'matope pomwe padali khitchini yanga. Adatsika panjinga yamoto, napereka moni mwaulemu, kenaka adasolola pepala m'chikwama.

"Aphunzitsi, akuti kuno katswiri wa Chichewa ndi inu. Tatimasulirani kauthengaka, tikufuna kakawerengedwe mawa pamsonkhano wa mafumu."

Uthengawo udali wa kolera. Dziko lidali likadali pakati pa mliri womwe udayambira ku Machinga mu Malichi 2022, womwe pomaliza pake udapha anthu oposa 1,700. Ife tidalibe zimbudzi, mijigo yambiri idali itakwiririka, chipatala chathu nachonso chitaonongeka. Zambiri za m'pepalamo sizidandivute: kusamba m'manja, kuthira kolorini m'madzi, kuthamangira kwa azaumoyo wina akatsegula m'mimba. Koma mudali liwu limodzi lomwe lidabwerezedwa kasanu, liwu loti surveillance. Pamwamba pake mnyamatayo adali atalembapo kale ndi pensulo kuti "kalondolondo". Ndidamuuza kuti abwerenso madzulo. Iye adayesa kuti ndikufuna ndithane kaye ndi zidina zija, pomwe chenicheni chidali choti liwulo lidandiimitsa mutu, ndipo ndi za liwu limeneli zomwe ndikufuna tikambirane, anzanga okonda Chichewa.

Ndiyambe ndi kalondolondo, popeza masiku ano ndiye wasanduka chikwanje chodulira mtengo uliwonse. Tsegulani wailesi, mumva kalondolondo wa makuponi, kalondolondo wa mankhwala, kalondolondo wa chitukuko. Padali ngakhale pologalamu yodziwika ndi dzina lomweli, yomwe inkayendetsedwa ndi mabungwe a Plan Malawi, ActionAid ndi CONGOMA, momwe anthu a m'midzi ankapereka malikisi kwa ogwira ntchito za boma. Pamenepo liwuli limakhala bwino ndithu. Limachokera ku kulondola, monga momwe amuna amalondolera mapazi a mbuzi yobedwa kuchokera pakhola mpaka kukafika pomwe yapheredwa. Simenti ikasowa pasukulu, kalondolondo ndi woyenera. Koma tayesani kuuza mayi amene mwana wake akutsegula m'mimba kuti boma lichita kalondolondo pabanja pake. Mayiyo amva kuti akuganiziridwa mlandu. Kauniuni naye ali ndi fungo la mabuku a ndalama, pomwe kafukufuku anthu a kuno amamudziwa ngati mafunso ataliatali a anyamata obwera pagalimoto, amene akachoka simuwaonanso.

Nditalephera ndi mawu athu, ndidabwerera kwa mwini wake kuti ndione komwe adachokera. Liwuli Angerezi nawonso adachita kubwereka kwa Afalansa. Lili ndi zigawo ziwiri: sur, kutanthauza pamwamba, ndi veiller, kutanthauza kukhala maso usiku, kapena tinene kuti kuchezera. Afalansa amagwiritsa ntchito veiller ponena za munthu wochezera pambali pa wodwala ngakhalenso pamaliro. Choncho muzu wake ndi wachifundo, chifukwa pali wina amene wataya tulo kaamba ka iwe. Chomwe chimasintha zinthu ndi kachigawo ka kutsogoloko, kamene kakutiuza kuti wochezerayo sali pamphasa imodzi ndi iwe koma pamwamba pako. Liwuli lidalowa m'Chingerezi cha m'ma 1800, patangopita zaka zochepa boma loukira mfumu ku France litalamula mu 1793 kuti dera lililonse likhale ndi komiti yolemba mayina a alendo ndi a anthu okayikitsa. Mayina ena olembedwa ndi makomiti amenewa adathera kundende ndi kumanda. Lidalowa m'Chingerezi litadetsedwa kale.

Achipatala adalitenga pambuyo pake. Poyamba nawonso ankatanthauza kuyang'anira munthu amene wakhudzana ndi wodwala nthenda yoopsa, kuti akayamba kudwala amupatule msanga. Mu 1963 dokotala wa ku America, Alexander Langmuir, adalikhotetsa kuti lizinena za kutsatira nthendayo osati munthu: yabuka kuti, yagwira angati, ikulowera kuti. Mu 1968 msonkhano waukulu wa bungwe la zaumoyo la WHO udakambirana ndi kulimbikitsa tanthauzo limeneli. Ndimaseka ndekha ndikakumbukira kuti 1968 yemweyo ndi chaka chomwe Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, komanso chaka chomwe kudabadwa lamulo lokhazikitsa Censorship Board, bungwe lomwe linkawerenga mabuku tisadawerenge ife. Zitatu zonsezi zidabadwa chaka chimodzi, ndipo zidakumana pa kapepala kamene kadali m'manja mwanga. Tisadziderere kuti vutoli ndi la Chichewa chokha. Michel Foucault atatulutsa buku lake lonena za ndende mu 1975, mutu wake udayamba ndi mneni surveiller, ndipo amene adalimasulira m'Chingerezi, Alan Sheridan, adavomera kuti chiyankhulo chake chilibe mneni wofanana nalo. Adaika liwu lina lotanthauza mwambo wa chilango.

Chodabwitsa n'choti liwu limeneli lakhala likuyenda m'midzi ya kwa Nkhulambe kwa zaka zambiri, litakwera njinga yakapalasa, koma anthu osalitchula. Wogwira ntchito zaumoyo amene amabwera kudzayeza ana kusikelo, kupereka katemera ndi kuyendera zimbudzi, kwa zaka zambiri dzina la udindo wake lidali Health Surveillance Assistant. Ntchitoyi idayamba ndi anthu obaya katemera wa nthomba m'zaka za m'ma 1960, kenaka idakula kolera atafika m'dziko muno mu 1973. Mwa mawu atatu a m'dzinali, lapakatilo ndi lomwe lili mwini nkhani, pakuti munthuyu ndi diso la unduna m'mudzi. Koma funsani mayi aliyense pamjigo. Akuuzani kuti ndi azaumoyo, alangizi, a sikelo, ena mpaka amati adokotala. Ophunzira pang'ono amangoti HSA osadziwa kuti chilembo chapakati chikuimira chiyani. Kale ndinkati uku n'kulephera kumasulira. Lero ndimaona kuti anthuwa adamasulira mwanzeru kuposa ife a zolembalemba. Adatenga zomwe munthuyo amawachitira, nasiya zomwe amachitira boma.

Adasiyiranji? Apa mpofunika kukumbukira komwe tachokera. Ine ndidayamba uphunzitsi nthawi ya chipani chimodzi. Kudali apolisi a Special Branch, kudali apayoniya, kudali ayufi oima pakhomo la msika kufunsa khadi. Nkhani za akuluakulu zidalembedwa. Sam Mpasu adatsekeredwa mu 1975 chifukwa cha buku lake lopeka, ndipo pambuyo pake adalemba za moyo wa m'ndende. Jack Mapanje adagwidwa ku Zomba pa 25 Sepitembala 1987, nakhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ngakhale Focus Gwede, yemwe adali mkulu wa Special Branch, naye adakalowa m'ndende momwe ankatumizamo anzake. Koma kumudzi kuno zinthu sizinkaoneka choncho. Kudera lathu lakumalire, makamaka nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, mlendo aliyense wogona pakhomo ankayenera kudziwika, ngakhale atakhala mbale wako weniweni wochokera kutsidya, woyankhula Chilomwe chomwecho cha anganga ako. Padali bambo wina m'mudzi mwathu yemwe tonse tinkadziwa kuti zomwe wamva sizigona m'nyumba mwake. Akatulukira pabwalo la bawo, nkhani inkasanduka ya mvula ndi mitengo ya nandolo. Komabe bambo yemweyo ankabwera kudzapempha fodya kwa amalume anga, ankakumba nawo manda, ndipo mwana wake adali m'kalasi mwanga.

Ndayesa kukumbukira liwu lomwe tinkatchulira ntchito ya bamboyo, ndipo ndapeza kuti padalibe. Tinkangoti "afika aja". Liwu loti kazitape tinkalidziwa, koma lidali la m'nkhani za pawailesi zonena za mayiko akutali. Liwu loti kapirikoni, lomwe lidachokera ku dzina la bungwe la Capricorn Africa Society m'masiku a chitaganya, lidali mwano wonenera munthu wogulitsa anzake kwa atsamunda, ndipo ukadayerekeza kunenera munthu wa boma lathu lomwe, ukadagona kwina. Mantha adatseka pakamwa kwa zaka makumi atatu, ndipo liwu lomwe silitchulidwa pabwalo silikula. N'chifukwa chake mabuku onena za moyo woyang'aniridwa omwe ine ndawerengako, monga a Mpasu ndi a Mapanje, ali m'Chingerezi. Ndipo ndidandaule pano kwa alembi achinyamata. Nthano zingapo zachichewa zomwe ndaona zonena za nthawi imeneyo zimajambula kazitape wovala jasi lalitali ndi magalasi akuda, wobisala kuseri kwa nyuzipepala. Ameneyo mwamutenga m'kanema. Wathu ankavala nkhwaira za matayala ndipo ankakutchula kuti achimwene. Nthano yomwe idzathe kuonetsa munthu akugawira mchere mnansi amene akudziwa kuti amuneneza mawa, imeneyo ndiyo idzakhale itanena zoona.

Wina anganene kuti zonsezi n'zakale, zidatha ndi referendamu ya pa 14 Juni 1993. Malamulo aakulu a dziko a 1994, m'gawo 21, amaletsa kusokoneza makalata ndi mauthenga a munthu. Koma khutu la anthu silidaiwale. Bungwe la MACRA litagula makina otchedwa CIRMS, lidafotokoza kuti ndi oonera ngati makampani a foni akupereka ntchito yabwino ndi kulipira ndalama zoyenera. Anthu ndi nyuzipepala adangowatcha makina a ukazitape, ndipo nkhaniyo idakhala m'makhoti kwa zaka zingapo. Mu 2017 tidaima pamizere kujambulitsa ziphaso za unzika ndi kudinda zala, mu 2018 tidalembetsa manambala a foni, ndipo lamulo loteteza mbiri ya munthu yosungidwa m'makompyuta lidadza mochedwa, mu 2024. Mu 2017 momwemo, m'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, mphekesera za anamapopa zidagwedeza Mulanje ndi Phalombe. Anthu angapo adaphedwa pongoganiziridwa, misewu idatsekedwa ndi miyala usiku, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma awiriwa. Sindikunena kuti mphekeserazo zidali ndi mutu. Ndikunena kuti kuno mlendo wonyamula chikwama, wolemba mayina, wofunsa za thupi la munthu, amayenda pa nthaka yoterera. Womasulira akaphonya liwu limodzi, odwala abisidwa kuchipinda, ndipo kolera akabisidwa amapha m'maola ochepa.

Tsono madzulo akuyandikira, pepala likadali lopanda yankho, ndidapita kwa azakhali anga omwe panthawiyo ankagona m'kalasi limodzi ndi mabanja ena otaya nyumba. Sadapite patali ndi sukulu, koma Chichewa ndi Chilomwe zonse zimawamvera. Ndidawafotokozera kuti pali liwu lachizungu lonena za kuyang'ana anthu mosalekeza, nthawi zina pofuna kuwateteza, nthawi zina pofuna kuwagwira.

"Nanga si kuzonda kumeneko?" adatero, osasiya kusenda kalongonda.

Ndidachita manyazi, mphunzitsi wa Chichewa wa zaka zonsezi. Liwu lidalipo, ndipo lidali ndi nkhope ziwiri zomwezo. Timati ndikupita kukazonda matenda, kutanthauza kukaona wodwala, kumufunsa momwe wagonera, kumusiyira kaphala. Ndipo mu Buku Lopatulika, lomwe lidatuluka lathunthu mu 1922, mneni yemweyu ndi amene adagwiritsidwa ntchito ponena za amuna omwe Mose adawatuma kukaona dziko la Kanani mobisa, komanso pa mlandu womwe Yosefe adanamizira abale ake ku Aigupto. Wozonda matenda ndi wozonda dziko amagwiritsa ntchito mneni mmodzi, monga momwe veiller wa Afalansa adaberekera wochezera pa wodwala ndi komiti yolemba okayikitsa. Ndidafunsa azakhaliwo kuti munthu angasiyanitse bwanji awiriwa.

"Iwe mwana wa achimwene, wozonda matenda amadzera kumaso, amati odi, ndipo sabwera chimanjamanja. Ukachira umakamuzondanso iye akadwala. Winayo amadzera kuseri kwa nkhokwe, ndipo kwawo sukudziwa n'komwe."

M'mawu amenewa mudali zambiri kuposa zomwe ndidapeza m'mabuku otanthauzira mawu. Koma chomwe chidanditsegula maso kwambiri monga munthu wa galamala ndi china. Chingerezi cha m'maofesi chimakonda mayina. Chimati surveillance ilimbikitsidwa, basi, osanena kuti woyang'ana ndani, woyang'anidwa ndani. Dzina limabisa anthu onse awiri. Chichewa ndi chiyankhulo cha aneni, ndipo mneni wathu sayenda yekha. Amanyamula mwininkhani kutsogolo ndi pamtherankhani pakati. Ukati akutizonda, wanena kuti iwo ali uko, ife tili kuno. Ukati tikuwazonda, waulula mbali yomwe waima. Ukati tikuzondana, kachigawo ka -ana kachotsa "pamwamba" uja wa Afalansa, ndipo nonse mwakhala pamphasa imodzi. Chichewa sichilola kuti ubisale. Apa ndi pomwe ndili ndi mlandu ndi omasulira athu, kuphatikizapo ine ndemwe. Pofuna kufanana ndi Chingerezi liwu ndi liwu, tadzaza mauthenga ndi mayina monga kalondolondo, kauniuni ndi ndondomeko, ndipo potero tabweretsa m'Chichewa chizolowezi chobisa wochita chinthu, chomwe chiyankhulochi chidalibe. "Kalondolondo wa matenda achitika m'dera lino" ndi chiganizo chovala Chichewa koma mafupa ake ndi achizungu. Mfumu yomva chiganizo chotere singadziwe ngati ikupemphedwa thandizo kapena ikuchenjezedwa.

Sindikuti kuzonda ndi mankhwala a paliponse. Sungalembe kuti MACRA ikuzonda makampani a foni popanda kusekedwa, ndipo asayansi otunga madzi a m'ngalande za zonyansa kufunafuna kachilombo ka poliyo, monga zidalimbikitsidwira nthendayi itapezekanso ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, sakuzonda munthu aliyense. Akuyeza madzi. Liwu limodzi lachingerezi lingafune aneni asanu achichewa malinga ndi amene akuchita ndi chimene akuchita, ndipo uku si kusauka kwa chiyankhulo. Tili ndi kuyang'anira, komwe kumandikumbutsa kapitawo wa m'minda ya tiyi ku Mulanje ataima kumbuyo kwa otchola. Tili ndi kulonda, kwa mlonda wochingira anyani m'munda. Tili ndi kutsina khutu, komwe mwambi umati ndi ntchito ya mnansi, ndi kuneneza, komwe kudali ntchito ya "aja". Kusankha pakati pa amenewa n'kumene kuli ntchito ya womasulira, ndipo sikungatheke osayamba wafunsa kuti kwenikweni chichitike n'chiyani.

Mnyamata uja atabwera, ndidamuwerengera zomwe ndidalemba. M'malo mwa liwu lobwerezedwa kasanu lija ndidaika ziganizo zingapo: tiyeni tizizondana khomo ndi khomo, wina akayamba kutsegula m'mimba tiuze azaumoyo tsiku lomwelo, iwo abwera kudzamuona ndi kuthira mankhwala pakhomopo. Ndidawonjezeranso chiganizo changachanga choti dzina la wodwala lipita kwa achipatala okha.

"Zakoma, aphunzitsi," adatero. "Koma chomalizachi m'pepala lachingerezi mulibe."

Ndidamufunsa ngati n'choona kapena ayi. Adati mayina amalembedwa pafomu, fomuyo amaijambula pafoni ndi kuitumiza kwa abwana ake, ndipo kupitirira pamenepo iye sadziwa. Adayankha moona mtima, ndipo ndidamulemekeza. Chiganizocho ndidachifufuta. Koma nditafufuta ndidaona kuti zotsalazo nazonso zidali ndi kabodza kake. Ndidalemba tizizondana, ngati kuti tonse ndi ofanana, chikhalirecho fomu imayenda njira imodzi yokha, kuchoka m'mudzi kupita kumtunda, ndipo palibe wa kwa Nkhulambe amene adzazonde ofesi yomwe fomuyo ikukafikira. Ndidali nditachotsa "pamwamba" m'mawu pomwe m'ntchito yeniyeniyo akadalimo. Ndidadziteteza mumtima kuti kolera sadikira mkangano wa galamala, ndipo ndikukhulupirirabe kuti uthenga wofewawo udali wabwino kuposa woopseza. Komabe womasulira amene wakometsa chinthu kuposa momwe chilili wachita zomwe amachita wogulitsa nsomba zoyamba kununkha, kuziwaza madzi kuti zioneke zatsopano.

M'mawa mwake ndidapita nawo kumsonkhano, womwe udachitikira pansi pa mtengo wa mango chifukwa makalasi adali odzaza ndi anthu ndi katundu. Uthenga udawerengedwa, anthu adagwedeza mitu, ndipo palibe adafunsa tanthauzo la liwu lililonse. Ndidayamba kudzimva katswiri. Kenaka nyakwawa ina yachikulire, mayi wovala duku lofiira, idakweza dzanja.

"Zozondanazo tamva, ndipo timachita kale. Koma ana inu, chiyambireni madzi aja mwatilemba mayina kanayi. Oyamba adati ndi a chimanga, achiwiri a malata, achitatu sadanene n'komwe. Tsono mayina athuwa amakagona kuti, ndipo amawawerenga ndani?"

Mnyamata uja adayang'ana kwa ine, ine ndidayang'ana pepala lomwe lidali m'manja mwake, pamzere womwe ndidafufuta dzulo lake. Adalonjeza kuti akafunsa kwa abwana ake ndipo adzabwera ndi yankho ulendo wotsatira. Mayiwo adati ayembekezera, ndipo adauza mlembi wa mfumu kuti alembe dzina la mnyamatayo ndi nambala yake ya foni m'kope la mudzi.